Chipsera cha pa Tanki

Chithunzicho ndinachikulunga m'mpango,
ndinakwera basi ya ku Matero
kukasaka a Yotamu Sakala,
amene anthu amati njinga yamoto amaidziwa
ngakhale ataona nyali yokha.

Ndinawapeza kuseri kwa msika
atakhalira injini yakufa,
zikhadabo zakuda ndi oyilo wa zaka makumi asanu.
Anapukuta manja katatu pa ovolosi
asanawagwire bambo anga.

Ndi awa, ndinatero, Lazalo Daka.
Chipewa chopendekera kumanzere,
mwendo wina pansi, wina pa chopondera.
Kwathu timati ananyamuka ku Kabwata tambala woyamba
nakafika ku Katete dzuwa lisanalowe,
fumbi likuwathamangira mpaka pa mlatho wa Luangwa.
Ine ndingofuna dzina la njingayi,
ndilembe kuseriku, adzukulu adzadziwe.

Anatulutsa kagalasi kong'aluka m'mbali,
anayambira gudumu lakutsogolo,
kuwerenga masipoko ngati ndalama za ngongole.
Iyi ndi BSA, kamwana kake, Bantamu.
Onani tanki, onani chishalo cha munthu mmodzi,
masipuling'i awiri pansi pake,
nambala yoimirira pamwamba pa tayala ngati tsumba.
Inkalira ngati udzudzu wokwiya,
petulo wosakaniza ndi oyilo, utsi wabuluu
wokakamira m'malaya mpaka Lamulungu.

Kenaka chete.
Minibasi inadutsa, kondakitala akukuwa za m'tauni.
Kagalasi kanatsika pang'onopang'ono
mpaka pamene payenera kukhala tcheni.

Mayi, tcheni palibe.
Waya wa kilachi palibe.
Tayala lakumbuyoli lagona,
ndipo ichi mukuchiyesa mthunzi ndi njerwa.
Mapiri ali kumbuyowa ndi nsalu,
onani pamene yakwinyikira.

Analowa m'kanyumba ka malata
natuluka ndi chitini cha mabisiketi.
M'menemo munali amuna, sindinawawerenge:
wa yunifolomu ya njanji, wa magalasi akuda,
wina wakhazika mwana patsogolo,
wina wagwira chiwongolero ngati khasu,
onsewo pa njinga imodzi,
chipsera chomwecho pa tanki, pansi pa chivindikiro,
ngati chala chinadinda m'dongo.

Inali ya situdiyo ya ku Kamwala, anatero.
Masheleni awiri kukwera, atatu ndi chipewa.
Ine ndinali kamnyamata koipukuta fumbi Loweruka,
ndi imene inandilodza.
Koma pakhomo paja sinatulukepo.

Ndinakumbukira mapazi a bambo,
zidendene zong'aluka ngati dambo la m'chilimwe,
ndi momwe ankakakamirira mpando wakutsogolo
dalaivala akaponda moto.
Ndinakumbukira nkhani ya envulopu
imene inafika kumudzi nthawi yokolola mtedza,
malume a mayi anga naitembenuza kawiri
n'kuvomera ukwati.
Ndiye kuti ife asanu ndi mmodzi
tinabadwa pa njinga yopanda tcheni.

A Sakala anapempha kuti ndiwasiyire,
akakhale ndi anzawo m'chitini.
Ndinakana. Ndalama yanga nawonso anaikana.

Ku Chilenje magetsi anali atazima.
Mayi anali pa khonde, miyendo yotupa ili pa ndowa.
Waidziwa? Ndinati waidziwa.
Wati chiyani?
Ndinati Bantamu, ya ku Mangalande,
ndinayang'ana zala zanga.

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira,
akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje.
Munthu uja anabwera pa lole ya fodya,
ndinamuona ndekha akutsika,
nsapato zili m'manja kuti zisade.
Ukuyesa ndinakwatiwa ndi chitsulo?

Cholembera ndili nacho m'chikwama.
Kuseri kwa chithunzi kudakali koyera.